Phunziro 6: Dzina Limodzi, Miyoyo Yosiyana

SABATA MASANA

Werengani m'sabata ino: Genesis 39 ndi 41, Mateyu 1:18-25, Luka 23:50-56, Machitidwe 4:32 kufikira 5:11, 9:10-19, 23:1-5.

Vesi Loloweza: Miyambo 22:1.

Ganizo Lotsogolera: Dzina munthu amapatsidwa ndi ena asanachite kanthu kalikonse, koma khalidwe limene lidzayenda ndi dzinalo amalisankha yekha pamaso pa Mulungu.

MAINA A M'BAIBULO AMABWEREZABWEREZA. Wophunzira amene wangoyamba kumene kuwerenga Chipangano Chatsopano sachedwa kusokonezeka. Pakati pa atumwi 12 panali anthu awiri otchedwa Simoni, awiri otchedwa Yakobo, ndi awiri otchedwa Yudase. Yohane polemba funso limene Yudase wina anafunsa usiku wa Mgonero, anafulumira kuonjezapo kuti Yudase ameneyo sanali Isikariote (Yoh. 14:22). Amuna awiriwa anatsata Mphunzitsi mmodzi, namva chiphunzitso chimodzi, naitanidwa ndi dzina limodzi. Koma mathero awo anatalikirana monga kum'mawa ndi kumadzulo.

M'sabata ino tidzaphunzira za anthu odziwika amene anali ndi dzina limodzi koma ntchito zosiyana: wolamulira dziko, mmisiri wa matabwa, mkulu wa bwalo la milandu, Mlevi, mkulu wa ansembe, ndi woyendetsa chombo panyanja. Nkhaniyi itikhudza ife tonse, pakuti nafenso tili ndi dzina limene tikugawana ndi anthu ambirimbiri, ndipo tsiku likudza pamene Mulungu adzafunsa aliyense payekha chimene anachita nalo.

TSIKU LOYAMBA
YOSEFE WOLAMULIRA DZIKO (Genesis 39, 41:33-46)

Kodi Rakele anatanthauzanji pamene anatcha mwana wake Yosefe? Gen. 30:22-24.

Dzinali lichokera ku liwu la Chihebri lotanthauza kuonjezera. Rakele, atakhala zaka zambiri wosaona mwana, anaika pemphero lake m'dzina la khandalo, kuti Yehova amuonjezere mwana wina wamwamuna. Dzinalo linanena za chikhumbo cha mayi. Za khalidwe la mwanayo silinalonjeze kanthu.

Ali mnyamata wa zaka 17, Yosefe anadedwa ndi abale ake, amene pambuyo pake anamgulitsa pa ndalama zasiliva 20. Ku Aigupto kunalibe munthu wodziwa Yakobo kapena Abrahamu. Taonani kuti mkazi wa Potifara pomneneza kwa mwamuna wake sanamtchule nkomwe ndi dzina, anangomutcha kapolo wa Chihebri (Gen. 39:17). Wopereka chikho wa Farao nayenso, pomkumbukira zitapita zaka ziwiri, anangoti kunali mnyamata wina Mhebri m'ndendemo (Gen. 41:12). Kumeneko, kumene dzina la makolo linalibe mphamvu yomteteza kapena yomchititsa manyazi, ndiko kumene kunaoneka chimene Yosefe anali.

Nchiyani chinamletsa Yosefe kuchimwa pamene m'nyumba munalibe womuona? Gen. 39:7-12.

Atafika zaka 30 anaimirira pamaso pa Farao, napereka uphungu wakuti m'zaka 7 za dzinthu dzambiri asonkhanitse limodzi la magawo asanu a zokolola ndi kulisunga m'nkhokwe za m'midzi. Farao anamuika wachiwiri wake, namveka mphete, namutcha dzina latsopano lakuti Zafenati-Panea. Dzina linasintha, zovala zinasintha, ngakhale chilankhulo chinasintha kotero kuti analankhula ndi abale ake kupyolera mwa womasulira (Gen. 42:23). Koma munthu wa m'nyumba yachifumu anali yemwe uja wa m'nyumba ya Potifara ndi wa m'ndende. Pomwalira ali ndi zaka 110 analumbiritsa ana a Israyeli kuti adzanyamule mafupa ake pobwerera ku dziko la lonjezano, ndipo Mose anachitadi chomwecho (Gen. 50:25, 26, Eks. 13:19).

Ambiri a ife tapitako ku malo kumene sitidziwika: ku ntchito ya kutali, ku sukulu yogonera komweko, kapena ku dziko la eni. Kodi khalidwe lanu kumeneko limafanana ndi limene abale a mpingo wa kwanu amalidziwa?

TSIKU LACHIWIRI
YOSEFE MMISIRI WA MATABWA (Mateyu 1:18-25, 2:13-23)

Zitapita zaka mazana ambiri, dzina lija tilipezanso m'nyumba ya munthu wosauka wa ku Nazarete. Atate wa Yosefe uyu analinso Yakobo (Mat. 1:16). Nayenso Mulungu analankhula naye m'maloto, ndipo nayenso anatsikira ku Aigupto kuti moyo upulumuke. Koma woyamba uja anakwera galeta wa Farao anthu namgwadira, pamene uyu anatha masiku ake ndi kasemasema ndi macheka m'manja. Umphawi wake uoneka pa nsembe imene iye ndi Mariya anapereka ku Kachisi, ya mbalame ziwiri, imene chilamulo chinaloleza kwa iwo osakhoza kupeza mwana wa nkhosa (Luka 2:24, Lev. 12:8).

Kodi chilungamo cha Yosefe chinaoneka motani pa nkhani ya Mariya? Mat. 1:19, 20, 24.

Atadziwa kuti wopalidwa ubwenzi wake ali ndi pakati, Yosefe anali ndi mphamvu yomchititsa manyazi pagulu, koma anatsimikiza mtima kuthetsa nkhaniyo m'tseri. Mngelo atamfotokozera zoona zake, anamtenga Mariya kupita naye kwawo, akudziwa bwino kuti anthu a m'mudzi adzawerenga miyezi ndi kunong'onezana. Anaika mbiri yake pachiswe chifukwa cha mau a Mulungu.

Mauthenga onse anayi salemba ngakhale liwu limodzi lotuluka m'kamwa mwa munthu ameneyu. Chimene alemba ndi kumvera kwake. Kanayi analangizidwa m'maloto (Mat. 1:20, 2:13, 19, 22), ndipo kanayi konse anachita monga anauzidwa. Pamene Herode anafuna kupha Mwanayo, Yosefe sanadikire kuti kuche. Ananyamuka usiku womwewo. Ndipo kwa munthu wachete ameneyu ndiko kunapatsidwa udindo wakutcha Mpulumutsi wa dziko lapansi dzina lakuti Yesu (Mat. 1:21, 25).

Timuona komaliza ku Yerusalemu pamene Yesu anali ndi zaka 12. Pambuyo pake Malemba sanena chimene anachita, ngakhale tsiku la imfa yake. Koma ntchito imene anaphunzitsa Mwanayo inatsala, pakuti anthu a ku Nazarete anamdziwa Yesu monga mmisiri wa matabwa (Marko 6:3).

Mumpingo uliwonse alipo anthu onga Yosefe uyu: dikoni wofika mamawa kudzatsegula nyumba ya Mulungu, mayi wa Dorika wosambitsa nkhalamba yodwala, mlimi wobweza chakhumi cha chimanga chake popanda womkumbutsa. Kodi tingawalemekeze bwanji anthu otere? Ndipo ngati Mulungu wakuikani pa ntchito yosaoneka, kodi muli okhutira kuigwira mokhulupirika?

TSIKU LACHITATU
MMODZI ANAPEREKA MANDA, WINA ANAPEREKA MUNDA (Luka 23:50-56, Machitidwe 4:32-37)

Fananizani zimene alembi anayi anena za Yosefe wa ku Arimateya. Mat. 27:57-60, Marko 15:43, Luka 23:50, 51, Yoh. 19:38.

Mateyu ati anali wachuma. Marko ati anali mkulu womveka wa bwalo lalikulu la Ayuda. Luka ati sanavomerezane ndi chiwembu cha anzake a m'bwalomo. Yohane aulula chimene ena sananene, kuti anali wophunzira wa Yesu mobisika chifukwa cha mantha. Munthu ameneyu anali ndi zambiri zoti ataye: mpando wake, ulemu wake, ndi mabwenzi ake.

Koma madzulo a Tsiku Lokonzekera, atumwi atabalalika, ndiye analimba mtima nalowa kwa Pilato kukapempha mtembo wa Munthu wopachikidwa monga chigawenga. Pamodzi ndi Nikodemo anaukulunga m'nsalu yabafuta, nauika m'manda ake atsopano osemedwa m'thanthwe, dzuwa lisanalowe. Potero mau a Yesaya 53:9 anakwaniritsidwa, ndipo Mwini Sabata anapumula tsiku lonse la Sabata m'manda a Yosefe. Anachedwa kudziulula, komabe Mulungu analandira utumiki wake pa ora limene kunalibe wina woti auchite.

Nchifukwa ninji atumwi anapatsa Yosefe wa ku Kupro dzina lina? Mach. 4:36, 37.

Akristu ambiri sadziwa kuti dzina lenileni la Barnaba linali Yosefe. Iye anali Mlevi, ndipo anagulitsa munda wake nabweretsa ndalama zonse kwa atumwi kuti zithandize osowa. Dzina lakuti Barnaba linena za munthu wotonthoza ndi wolimbikitsa ena, ndipo linamuyenera kotero kuti la makolo lija linaiwalika. Pamene ophunzira a ku Yerusalemu anachita mantha ndi Saulo, Barnaba ndiye anamgwira dzanja kupita naye kwa atumwi (Mach. 9:26, 27). Ndiyenso anakamfuna ku Tariso kuti adzaphunzitse ku Antiokeya, kumene ophunzira anayamba kutchedwa Akristu (Mach. 11:25, 26). Pamene Paulo anakana kutenganso Yohane Marko chifukwa anabwerera panjira, Barnaba anampatsa mnyamatayo mwayi wachiwiri, ndipo Paulo yemweyo atakalamba anavomereza kuti Marko ngwofunika pa utumiki (Mach. 15:37-39, 2 Tim. 4:11).

Abale a mumpingo wanu akanati akupatseni dzina lolingana ndi zochita zanu, monga atumwi anachitira ndi Barnaba, kodi likanakhala dzina lotani?

TSIKU LACHINAYI
AHANANIYA ATATU (Machitidwe 5:1-11, 9:10-19, 23:1-5)

Anthu anayi amene taphunzirawa onse analemekeza dzina lawo. Kuti tisaganize kuti m'dzinamo munali mphamvu ina, buku la Machitidwe litionetsa amuna atatu otchedwa Hananiya. Dzinali ndi lokoma, pakuti linena kuti Yehova wachita chisomo.

Kodi tchimo la Hananiya woyamba linali lotani kwenikweni? Mach. 5:1-4.

Luka aika nkhani yake pafupi penipeni ndi ya Barnaba. Hananiya ndi Safira anaona ulemu umene Barnaba analandira, nafuna kuugula pa mtengo wochepa. Petro ananena poyera kuti mundawo unali wawo, ndi ndalamazo zinali m'manja mwawo, panalibe wowakakamiza. Tchimo lawo linali kufuna kutchedwa opereka zonse pamene mtima unabisa gawo lina. Ananama kwa Mzimu Woyera, ndipo onse awiri anaikidwa m'manda tsiku lomwelo.

Nanga Hananiya wachiwiri anagonjetsa chiyani kuti amvere Ambuye? Mach. 9:10-17, 22:12.

Uyu anali wophunzira wamba wa ku Damasiko, wa mbiri yabwino pakati pa Ayuda a m'mzindawo. Anatumidwa ku nyumba ya munthu wina, amenenso dzina lake linali Yudase, kukaona Saulo amene anadzera kudzamanga anthu onga iye. Anaulula mantha ake kwa Ambuye, koma anapita, namutcha wozunza uja mbale, namuika manja, ndipo Saulo anapenyanso nabatizidwa.

Wachitatu anali mkulu wa ansembe, munthu wa udindo woposa onse m'chipembedzo cha Ayuda. Paulo atangoyamba kudzikanira pamaso pa bwalo, Hananiya analamula kuti ampande pakamwa, mlandu usanamveke. Paulo anamfanizira ndi khoma lopakidwa njereza, monga akulu athu anenera za chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pambuyo pake anatsikira ku Kaisareya kukamneneza Paulo kwa kazembe Felike (Mach. 24:1). Wolemba mbiri ya Ayuda, Josephus, amene dzina lake la kubadwa nalo linalinso Yosefe, alemba kuti mkulu wa ansembe ameneyu anaphedwa ndi Ayuda anzake m'chaka cha 66, pa chiyambi cha nkhondo yopandukira Aroma.

Talingalirani: m'moyo wa Paulo mmodzi yemweyo, Hananiya wina anatambasula dzanja kuti atsegule maso ake, Hananiya wina analamula dzanja kuti litseke pakamwa pake. Kodi izi zitiphunzitsanji za anthu okhala pa mpando umodzi m'tchalitchi ndi kutchedwa ndi dzina limodzi? Onaninso Mat. 7:21-23.

TSIKU LACHISANU
DZINA LIMENE IFE TINYAMULA (Chivumbulutso 3:1-6, 2 Timoteo 2:19)

M'mbiri ya uthenga wa kubweranso kwa Yesu mulinso amuna atatu a dzina la Yosefe. Joseph Wolff, wobadwa mu 1795 ku Germany, anali mwana wa mphunzitsi wa Chiyuda. Atakhulupirira Kristu anayenda m'maiko a Asia ndi Africa kulalikira kuti Ambuye ali pafupi kubwera, ndipo mu 1837 analankhula pamaso pa aphungu a nyumba ya malamulo ya ku America. Joseph Booth, Mngelezi amene anapita ndi John Chilembwe ku America mu 1897, ndiye anafika ku Thyolo pamodzi ndi Thomas Branch mu 1902 kudzayamba ntchito ya mpingo wathu pa malo otchedwa Plainfield. Booth sanakhalitse, Branch ndi banja lake ndiwo anatsala napitiriza ntchitoyo, ndipo mu 1907 malowo anatchedwa Malamulo.

Wachitatu ndiye Joseph Bates, wobadwa mu 1792. Anayamba ntchito ya panyanja ali ndi zaka 15, nakwera kufikira anakhala mkulu woyendetsa chombo. Analeka mowa ndi fodya mpingo wathu usanakhaleko. Chuma chimene anapeza panyanja anachithera pa kufalitsa uthenga wa kubweranso kwa Yesu. Mu 1845 analandira choonadi cha Sabata, ndipo kabuku kamene analemba mu 1846 ndiko kanathandiza James ndi Ellen White kuyamba kusunga tsiku lachisanu ndi chiwiri.

Mu 1852 Bates anafika ku Battle Creek, kumene sanadziwe munthu aliyense. Analowa m'positi ofesi nafunsa kuti munthu woona mtima koposa onse m'mudzimo ndani. Anamlozera kwa David Hewitt, wogulitsa katundu moyendayenda. Bates anaphunzira naye Baibulo tsiku lonse, ndipo Hewitt ndi mkazi wake anayamba kusunga Sabata. Pa 1 Okutobala 1860, pa msonkhano umene Bates anautsogolera ku Battle Creek komweko, Hewitt yemweyo ndiye anapereka ganizo lakuti okhulupirira atchedwe Seventh-day Adventist. Dzina la mpingo wathu linatuluka m'kamwa mwa munthu amene mudzi wonse unamchitira umboni kuti sanama.

Kodi Yesu anaudzudzula chifukwa ninji mpingo wa ku Sarde? Nanga analonjeza chiyani kwa ochepa okhulupirika? Chiv. 3:1, 4, 5.

Lero anthu oposa mamiliyoni 20 pa dziko lapansi atchedwa ndi dzina limene linasankhidwa tsiku lija. Dzinali lichitira umboni zinthu ziwiri, Sabata la Mlengi ndi chiyembekezo cha kubweranso kwa Mpulumutsi. Koma mpingo wa ku Sarde unali ndi mbiri yakuti uli moyo, pamene unali wakufa. Kulembedwa m'kaundula wa mlembi wa mpingo ndi chinthu chabwino, koma sikulowa m'malo mwa kulembedwa m'buku la moyo.

Mlendo atafika pa msika wa kwanu, kapena pa malo anu a ntchito, nafunsa funso lija la Joseph Bates, kodi anthu angamlozere kwa Mkristu wa Chiadventisti? Kodi angamlozere kwa inu?

TSIKU LACHISANU NDI CHIMODZI
KUPHUNZIRA KOONJEZERA

Werengani Genesis 32:24-30, Yohane 10:1-5 ndi Chivumbulutso 2:17. Phunziro ili lisatifikitse pa kuganiza kuti munthu adzikonzera yekha dzina labwino ndi mphamvu zake. Yakobo ananyamula dzina lonena za chinyengo kufikira usiku uja pa mtsinje wa Yaboki, pamene anafunsidwa dzina lake, nalitchula, nalandira lakuti Israyeli. Kusinthako kunadza ataulula chimene anali ndi kukakamira Mulungu. Yosefe wa ku Arimateya anali wamantha mpaka anaona mtanda. Hananiya wa ku Damasiko anali wamantha mpaka anamva mau a Ambuye. Chipulumutso chili m'dzina limodzi lokha, la Yesu Kristu (Mach. 4:12), ndipo khalidwe lokoma ndi chipatso cha kukhala mwa Iye.

Pa dziko lino kalata ikhoza kusokera kwa munthu wina wa dzina lofanana ndi lanu, ndipo wosalakwa akhoza kuvutikira mlandu wa mnzake wa dzina. Kumwamba kulibe chisokonezo chotere. Mbusa Wabwino adziwa nkhosa iliyonse payokha. Sadzakuwerengerani tchimo la munthu wina, ndiponso sadzakuwerengerani chikhulupiriro cha atate wanu kapena cha agogo amene munatchedwa dzina lawo. Kwa wopambana aliyense walonjeza mwala woyera wolembedwapo dzina latsopano, limene palibe wina adzagawana naye.

MAFUNSO OKAMBIRANA:

1. Yosefe wina, wotchedwa Barsaba, anaimikidwa pamodzi ndi Matiya kuti mmodzi alowe m'malo mwa Yudase, koma sanasankhidwe (Mach. 1:21-26). Kodi tiyenera kukhala ndi mtima wotani pamene komiti yosankha maudindo yatipitirira?

2. Pakati pa anthu amene taphunzira panali wolamulira, mmisiri, woweruza ndi woyendetsa chombo. Kodi ntchito imene mumagwira m'kati mwa sabata ingakhale bwanji utumiki wa kwa Mulungu?

3. Mbale mmodzi akachita chinyengo pa malonda, anthu akunja amanyoza mpingo wonse (Aroma 2:24). Kodi kalasi lanu lingachitenji kuti libweze wolakwayo mwachikondi ndi kukonzanso mbiri ya mpingo m'dera lanu?

4. Makolo ambiri amatcha ana awo maina a m'Baibulo, kapena maina onga Chisomo, Madalitso ndi Chikhulupiriro. Kodi nchiyani chimene kholo liyenera kuchita litatha kutcha dzinalo?

CHIDULE: Anthu a dzina limodzi anatumikira Mulungu m'nyumba yachifumu, m'nyumba yopalira matabwa, m'bwalo la milandu ndi panyanja, enanso a dzina limodzi anasiyana njira, wina ku moyo, wina ku chionongeko. Ambuye adziwa amene ali Ake, ndipo aitana yense wotchula dzina Lake kuti apatukane nacho chosalungama, akhale mwa Kristu, kufikira tsiku limene adzalandira dzina latsopano.